Nyimbo ya a Fukozi

Mpaka lero, ndikamva musi ukugunda mumtondo thukuta limayamba lokha kutuluka kukhwapa. M'zaka za chipani chimodzi anthu ambiri anavutika chifukwa cholankhula zoona. Ine ndinatsala pang'ono kuvutika chifukwa chosadziwa kuti zoona zimene ndanyamula zikunena ine ndemwe.

Ndinali mphunzitsi wa Sitandade 8 pa sukulu ina ya pulayimale cha ku Lukwa, ku Kasungu. Kwathu kwenikweni ndi ku Limbe, ndinakulira m'nyumba za akalaliki, ndipo munda woyamba kuuponda ndinauponda ndili ndi ndevu kale. Boma litanditumiza kumeneko ndinafika ndi suti ya bulawuni, chipewa, ndi Chingerezi chodzaza sutikesi. Mawu amene ndinkawakonda kuposa onse anali akuti "ofukozi", amene eni ake amanena pofuna kuti "indedi, n'zachidziwikire". Munthu akandifunsa ngati ndadzuka bwino, ofukozi. Ngati mvula ibwere, ofukozi. (M'makutu mwanga mawuwo ankamveka ngati a ku Mangalande enieni, choncho musadabwe kuti nditakumana ndi mawu omwewo atavala chitenje sindinawazindikire.)

Ndinakwatira konko, mwana wa aNaphiri. Tsono kumeneko mwambo wa chipongozi sunali wamasewera. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana, sacheza, ndipo mukakumana panjira mmodzi apatuke alowe m'tchire. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pabanja, ndinkawadziwa aNaphiri duku ndi zidendene basi. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wanga, mkazi wanga n'kuuza ine. Mawu awo ndinali ndisanawamvepo, ndipo ndinkauza anzanga monyadira kuti apongozi anga ndi munthu wofatsa, wosalankhula.

Chaka china kunabwera kalata yoti sukulu yathu itumize mphunzitsi mmodzi ku Zomba, ku sukulu ya ukachenjede, akaphunzire kwa sabata imodzi kaphunzitsidwe ka mbiri pogwiritsa ntchito zinthu zakale zimene amasunga kumeneko. Ahedi anasankha ine.

"Inu nokha ndi amene simukatichititsa manyazi pa Chingerezi," anatero.

Ndinavomereza kuti aganiza bwino.

Zinthuzo ankazisunga m'chipinda chokiya, kuseri kwa laibulale. Munkazizira, munkanunkha mankhwala a njenjete, ndipo munthu ankalowamo mwakachetechete ngati akukazonda wodwala. Woyang'anira anali mayi wina wa magalasi amene ankatiyang'ana zikhatho tisanakhudze kanthu, n'kutilanda zolembera za inki n'kutipatsa mapensulo. Munali makalata a amishoni, mapu, zithunzi za anthu oti anafa kalekale akuoneka odabwa, komanso matepi amene ophunzira a pasukulupo ankajambula m'midzi pa tchuthi. Anzanga anathamangira makalata a amishoni. Ine ndinatsegula kabati ya makhadi, ndipo khadi lina linanditong'ola maso: Kasungu, Lukwa, nyimbo za pamtondo.

Mayi uja anandiikira tepiyo n'kundiveka zomvera za m'makutu. Kunamveka phokoso ngati la mafuta pa chiwaya, kenako misi iwiri ikulandizana, kenako mawu a mayi, amphamvu, othwa ngati chikwanje:

A Fukozi abwera, ee, abwera,
Suti pathupi, chipewa pamutu, dzuwa likuswa mtengo.

Mzere wachitatu sindinaumve, chifukwa tambala wina anasankha nthawi yomweyo kulira pakamwa penipeni pa makina ojambulira. Kenako nyimbo inapitirira:

Tiitanireni womasulira, amayi ee,
Khasu saligwira, koma akuti fodya ndi wawo.

Nthawi yomweyo ndinadziwa chimene ndapeza. Fukozi ameneyu anali mzungu wa esiteti, wa nthawi ya thangata, dzina lake amayi analikhotetsa m'kamwa, ndipo apa ndinali kumva amayi a ku Lukwa akulimbana ndi atsamunda, chida chawo musi. Ndinadziona kale ndikuitanidwa ku likulu kukafotokozera akuluakulu a zamaphunziro.

Ndinapempha kuti andijambulire pa kaseti. Mayi uja anavomera, koma anati, "Tepi iliyonse ili ndi kope lake. Wojambula analembamo woimba, tsiku, ndi zimene woimbayo anafotokoza. Ndikutulutsireni muwerenge kaye."

"Musavutike mayi," ndinatero. "Ine ku Lukwa ndi kumene ndimakhala. Ndinakwatira konko."

"Ndiye oimbawo mukuwadziwa?"

"Ofukozi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso atadutsa pamwamba pa magalasi. Ine ndinkayesa kuti akusirira Chingerezi. Kenako anandipatsa fomu yosainira, n'kundipatsa kaseti yanga.

Sukulu itatsegulidwa ndinabwereka wayilesi ya kaseti ya ahedi n'kuiika patebulo, kutsogolo kwa kalasi. Ndinauza ana kuti lero mabuku atseke, amva mbiri ikulankhula yokha. Mzere woyamba utangomveka, m'kalasi munati zii. Pofika wachiwiri mitu yonse inali pansi pa madesiki, mapewa akugwedezeka. Mtsikana wina anapempha kutuluka atagwira pakamwa. Ndinakhudzidwa kwambiri. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa mbiri ana akusinza, lero aimva mpaka misozi!

Ndinawapatsa chimangirizo: Fotokozani khalidwe la a Fukozi. Ana oti chiyambire sanalembepo mizere itatu anadzaza masamba awiri. Wina analemba kuti a Fukozi amayenda ngati njira yonse ndi ya mazira. Wina anati amapukuta mpando ndi kansalu asanakhale. Wina anati akaona ng'ombe amavula chipewa n'kuidikira idutse. Ndinakhala pansi kuchonga (nditapukuta mpando, inde) ndipo ndinalemba m'makope mwawo kuti akuganiza mozama, akutha kumuona munthu wakale ngati kuti ali naye pompano.

Kunyumba ndinaiika kuti mkazi wanga amve. Anali akusankha nyemba palichero. Anasiya, n'kumvetsera mpaka kumapeto, nkhope ili gwa.

"Bambo a Chikondi, imeneyi mwaitenga kuti?"

"Ku Zomba. Ili m'chipinda chokiya, pamodzi ndi makalata a amishoni."

"Ayi ndithu! Mpaka ku Zomba?"

"Ndi nyimbo yakale kwambiri. Mwina ngakhale amayi anu asanabadwe."

Anakhosomola, n'kuwerama kutola nyemba imene sinagwe. Nditamuuza kuti ana adzaiimba pa tsiku lotsekera sukulu, makolo onse alipo, anadzuka n'kuimirira.

"Imeneyi yokha musakaimbitse. Ndikukupemphani."

"Chifukwa?"

"Basi, musakaimbitse. Kodi nyimbo zatha?"

Ndinamufotokozera modekha kuti izi ndi za maphunziro, zimafuna munthu amene anapita ku Zomba. Iye anati chabwino, n'kupita panja. Patapita kanthawi ndinamva ngati munthu akulira kuseri kwa bafa. (Lero ndimamumvetsa. Akanandiuza bwanji osawaulula mayi ake? Koma kuseri kwa bafa kuja sankalira, zimenezo anavomera yekha.)

Tsiku lotsekera linafika, nthawi imene fodya wachoka m'zigafa ndipo anthu ali ndi mpata wokhala pansi. Bwalo linadzaza. Abambo pa mabenchi, amayi pa mphasa, ndipo cha kumbuyo kwenikweni ndinaona duku la apongozi anga, atakhala chammbali monga mwa mwambo. Kutsogolo, pampando wa ndalema wokhawo umene sukulu inali nawo, panakhala mlendo wolemekezeka, a tcheyamani a chipani a dera lathu, baji ili ng'aning'ani pachifuwa. Anali munthu woti akakufunsa khadi la chipani pamsika, umayamba kulifuna ngakhale lili kale m'manja mwako.

Ndinaimirira, suti ya bulawuni, chipewa pamutu. Ku Zomba anatiphunzitsa kuti mphunzitsi wabwino sapereka yankho, amangoika umboni patsogolo kuti anthu adzipezere okha. Choncho za mzungu ndi thangata sindinatchule.

"Makolo ndi alendo athu," ndinatero, "nyimbo imene mumve ikunena za munthu wina wamkulu amene anabwera kuno kuchokera kutali. Pamaso anthu ankamuopa, koma kuseri ankamuseka. Dzina lake lenileni sindikuuzani. Mvetserani bwino, mumuzindikire nokha."

Ndinadina batani.

Misi inagunda, mawu aja anatuluka, ana anga n'kulandira monga tinakonzera. Chimene sitinakonze n'chakuti amayi a pamphasa nawo analandira. Onse. M'manja mukuwombedwa, nthungululu, ena mpaka kudzuka n'kumanga chitenje m'chiuno. Ndinadabwa kuti nyimbo yakale chonchi akuidziwa bwanji, koma ndinasangalala kuti mwambo sunafe. Ndiye pofika pa mzere uja wa tambala, bwalo lonse linauimba momveka bwino, ine n'kuumva koyamba:

Khungu n'lathu lomwe, lilime n'la eni.

Ndisanaumeze n'komwe, a tcheyamani anakweza dzanja. Nyimbo inaduka ngati ulusi. Kaseti yokha inapitirira kuitana womasulira mpaka ahedi anailumphira n'kuizimitsa.

Achinyamata a lero mwina simungamve chimene chinachitika pamenepo. M'dziko lonse munali munthu mmodzi yekha wodziwika ndi suti ndi chipewa, wakhungu lathu lomwe, amene anabwera kuchokera kutali, amene ankalankhula Chingerezi pamsonkhano wina n'kumamasulira, ndipo minda ikuluikulu ya fodya aliyense ankadziwa kuti ndi ya ndani. Kwawo kunali ku Kasungu komweko. Dzina sinditchula ngakhale lero, pakamwa panazolowera. Anthu ankatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepa, ndipo ena sanabwereko.

"Aphunzitsi," anatero a tcheyamani, mawu ali pansipansi, "mwati timuzindikire tokha. Ine ndikuona ngati ndamuzindikira. Koma tandithandizani. Munthu ameneyu ndani?"

"Ndi mzungu, bwana. Wa esiteti. Wakalekale."

"Mzungu wake uti wa khungu lathu?"

Ndinayang'ana ahedi.

"Ine kasetiyi sindinaimvepo, a tcheyamani," anatero ahedi, akusuntha benchi. "Wayilesi anangobwereka."

"Ndiye mwapita ku Zomba," anapitiriza a tcheyamani, "mwakatenga nyimbo yonyoza, mwaphunzitsa ana a eni, mwabwera kudzaiimbitsa pamaso panga. Kuno ku Kasungu. Anakutumani ndani?"

Ndinaganiza za mwana wanga Chikondi, amene anali asanayambe n'komwe sukulu. Bwalo lonse linkadziwa yankho kupatula ine ndi a tcheyamani (iwo anali a mudzi wa kutsidya, nyimbo inali isanawoloke dambo), koma panalibe wofuna kukhala woyamba kutsegula pakamwa.

Kenako kumbuyo kuja duku linadzuka. ANaphiri anaimirira atandifulatira, nkhope italoza ku munda wa sukulu.

"A tcheyamani, pepani, ndilankhula chofulatira chifukwa pali akamwini anga apa."

Mawu oyambawo anandikwanira. Ndinali nditawamvetsera mawu amenewo kwa miyezi itatu, m'mawa ndi masana, mpaka mabatire kutha. Anali othwa ngati chikwanje.

"Nyimboyo ndi yanga," anatero. "Ndinaipeka ine, ndipo kunabwera mnyamata wa sukulu ndi makina ake ndili pamtondo, n'kuitenga. Ilibe za boma. Ikunena bambo aimirira apowo. Tsiku limene anabwera kudzaonekera kwathu anatipatsa moni m'Chingerezi, mwana wanga n'kumachita kumasulira, ngati kwabwera a dokotala. Atawatengera ku dimba anaona nazale ya fodya, iwo n'kunena kuti mpiru wanu wakula bwino, tidya liti. Khasu chikwatirire sanaligwirepo, koma akakhala ndi anzawo timamva akuti fodya wathu chaka chino wachita bwino. Ndiye ine ndikanatani? Kulankhula nawo sindingathe, ndi akamwini. Ndinauza mtondo."

Panamveka kuseka kumodzi, kwa munthu amene walephera kudzigwira, n'kuzimanso msanga.

"Mayi," anatero a tcheyamani, "mwina mukungofuna kupulumutsa mkamwini." Anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, zimene akunenazi n'zoona? Munthu wa m'nyimboyu ndinu?"

Abale anga, pamoyo wanga ndapemphapo zinthu zambiri, ntchito, mkazi, kukwezedwa. Koma sindinapemphepo kanthu ndi mtima wonse ngati mmene ndinapemphera tsiku limenelo kuti anthu akhulupirire kuti chitsiru ndine.

"Ndine, bwana. Ndine ndithu. Onani suti. Onani chipewa."

"Khasu simuligwira?"

"Sindinaligwirepo, bwana. Funsani aliyense. Onani zikhatho."

"Ndipo fodya munamuyesa mpiru? Munthu wophunzira ngati inu?"

"Ofukozi!"

Mawuwo anatuluka okha, sindinawaitane. Ndipo ndi nthawi yomweyo, atangochoka pakamwa panga, pamene ndinawamva koyamba mmene ankamvekera m'makutu a anthu ena. Bwalo linaphulika. Amayi anagubuduzika pamphasa, abambo ena anagwa ndi benchi lomwe, ana anga a Sitandade 8 anakumbatirana ngati akhoza mayeso onse. Ngakhale mlomo wa a tcheyamani unanjenjemera pang'ono, koma anaugwira.

"Kuseka sekani," anatero, "koma nkhani sinathe. Kaseti ndatenga. Aphunzitsi, mwati ku Zomba amasunga zinthu. Ndikufuna kalata yochokera komweko, ya chidindo, yonena kuti nyimboyi ikunena inuyo. Masabata awiri. Ikapanda kubwera, nkhaniyi ndikaitula ku boma."

Madzulo omwewo ndinalembera mayi wa magalasi uja. Ndinalemba m'Chichewa. Ndinapempha, modzichepetsa kwambiri, kuti anditumizire zimene zili m'kope lija ndinalikana.

Masabata awiri amenewo sindiwafunira munthu aliyense. Galimoto ikamveka kumsewu ndinkasiya choko pakati pa liwu. Aphunzitsi anzanga anayamba kundipatsa moni ali patali, ngati nawonso asanduka apongozi anga. Mkazi wanga anamanga bulangete ndi sopo m'kachikwama n'kukaika kuseri kwa chitseko, kuti akadzanditenga ndisapite chimanjamanja. Ndinkachita mantha enieni, ndipo ndinkachitanso manyazi, moti sindinkadziwa kuti chikundisowetsa tulo ndi chiti.

Kutatsala masiku awiri, kalata inafika. Mayi uja anakopera tsamba lonse la m'kope, n'kudinda chidindo chofiirira pansi pake. Wojambula uja analemba zonse mwadongosolo, mudzi, dzina la woimba, ngakhale kupepesa chifukwa cha tambala. Pomalizira analemba kuti woimbayo akuti akuimba mkamwini wake, mphunzitsi wochokera m'tauni, ndipo kuti pamene ankajambula munthuyo anadutsa chapatali atavala suti n'kuwapatsa moni m'Chingerezi. M'mphepete mwa pepalalo mayi uja anawonjezera mawu amodzi okha, ndi pensulo: Ndinakufunsani.

Ndinapita nayo ndekha kwa a tcheyamani, wapansi, kuwoloka dambo. Anaiwerenga kawiri, n'kuyang'anitsitsa chidindo, n'kundibwezera.

"Pitani, a Fukozi," anatero. "Nkhani yatha."

Kaseti sanabweze. Ndinamva kuti ankaiika pakhomo pawo kukabwera alendo.

Mungaganize kuti munthu akapulumuka chonchi amasiyiratu za nyimbo zakale. Ine chimene ndinasiya ndi chipewa. Loweruka lotsatira tinapita kumudzi kukathokoza, nditanyamula nkhuku yoti mkazi wanga akapereke m'malo mwanga, popeza mwambo unabwerera pamalo pake ngati kuti palibe chinachitika. Ndili chikhalire pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa nkhokwe kunamveka musi. Kenako mawu aja. Nyimbo inali yomweyo, koma inali itabala ndime yatsopano, yonena za munthu amene anakwera basi mpaka ku Zomba kukatenga chipongwe chake, chonsecho pakhomo pompano chilipo chambiri.

"Mwamva?" anafunsa mkazi wanga.

"Ndamva."

"Ndiye mukuti bwanji?"

Ndinati ndimeyo yapekedwa bwino, ndipo zingakhale zomvetsa chisoni itatayika. Anandiyang'ana ngati munthu amene matenda amuyambiranso, n'kunena kuti ndikangoyerekeza kuiimbitsa ana ndikapeze kwina kokhala.

Sindinaiimbitse. Ndinangoilemba bwinobwino papepala, ndi pensulo, n'kuitumiza kwa mayi wa magalasi kuti akaiike m'kope lija. Ndinalemba mudzi, ndinalemba woimba. Pansi pake ndinawonjezera mzere wina umene pa fomu yawo panalibe, wa woimbidwa, ndipo ndinalembapo dzina langa lonse m'zilembo zikuluzikulu, kuopa kuti wina angadzamangidwe chifukwa cha uchitsiru wanga.